Khasu likagunda mbiya yakale: zimene lamulo likunena ndi zimene muyenera kufunsa

Zinthu zambiri zakale zimene lero zili m'mabuku a mbiri sizinatulukiridwe ndi akatswiri. Anazipeza ndi anthu amene anali pa ntchito ina, maganizo ali kwina. M'chaka cha 1921, pa mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe m'dziko la Zambia, anthu okumba mtovu anafukula chigaza cha munthu wamakedzana chomwe akatswiri akuchifufuzabe mpaka pano. M'chaka cha 1960, ku Ingombe Ilede, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi anapezeka atafika pa manda a anthu olemera akale, oikidwa pamodzi ndi mikanda ya golide komanso mkuwa woumbidwa mopingasa. Kwathu kunonso zimayenda chimodzimodzi. Woyamba kuona mbiya yokwiririka amakhala mayi wogalauza dimba, mnyamata wokumba dothi la njerwa, bambo wokumba dzenje la chimbudzi, adzukulu kumanda, kapena woyendetsa katapila pa msewu watsopano. Pulofesa amamva mochedwa, ndipo nthawi zambiri samva n'komwe.

Khasu likangogunda mbiya, funso loyamba limakhala lakuti mwini wake ndani. Ambiri amayankha osaphethira: munda ndi wanga, khasu ndi langa, thukuta ndi langa, basi mbiyanso ndi yanga. Lamulo la dziko la Malawi silikuvomereza zimenezo, ndipo ndi bwino kudziwiratu lisanakupezeni.

Lamulo lake ndi Monuments and Relics Act, lomwe linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'malo mwa lamulo lakale la m'chaka cha 1965. Ntchito ya tsiku ndi tsiku yolitsatira ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale, Department of Museums and Monuments, yomwenso imayang'anira nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Lamuloli limateteza zinthu za mitundu iwiri. Pali zosanyamulika, monga mapanga, miyala yojambulidwa, manda, akachisi, malinga, mabwinja, madzala akale ndi nyumba zokhala ndi mbiri. Pali zonyamulika, monga miphika, zida zamiyala kapena zachitsulo, ndalama zakale, zolembedwa, zovala zaufumu, mafupa a anthu, ndi mafupa a nyama amene anasanduka mwala. Chinthu sichichita kukhala chokongola kapena chodula kuti chitetezedwe. Chikakhala ndi phindu pa mbiri, pa chikhalidwe kapena pa sayansi, chalowa kale. Phale losweka lokhala ndi mizere m'mlomo mwake limatetezedwa mofanana ndi chibangili cha mkuwa.

Pa nkhani ya umwini lamulo silinazungulire. Zinthu zotere, kaya zili pamwamba pa nthaka, pansi pake, mu mtsinje kapena m'nyanja, ndi za boma. Kukhala mwini malo sikukupatsani mphamvu yogulitsa kapena kuwononga zakale zimene zili m'nthakamo. Ngakhale kukumba mwadala pofuna zinthu zakale, m'munda mwanu momwe, kumafuna chilolezo. Amene wazipeza mwangozi ali ndi udindo wodziwitsa Nduna polemba kalata, mosachedwa. Kuphwanya, kusintha, kusuntha kapena kuchita nazo malonda popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende.

Munthu wolima nthaka imene agogo ake anasweka nayo msana akamva izi angaone ngati boma likumulanda. Kudandaula kwake n'komveka. Koma chifukwa cha lamuloli chimaoneka bwino mukaona m'mene akatswiri amapezera mbiri m'dothi.

Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kunali likulu la a Kalonga a ufumu wa Maravi. Katswiri wa kuno kwathu, Yusuf Juwayeyi, anakumba kumeneko, ndipo malo amene anamupatsa zambiri anali dzala, potayira zinyalala. Anapezamo mapale ochuluka, mafupa a nyama zimene anthu ankadya, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu yosemedwa, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ngakhale tizidutswa ta mbale za ku China. Buku lake lofotokoza za chiyambi cha Achewa linatuluka m'chaka cha 2020. Tsono chimene chinapangitsa kuti dzala lilankhule ndi dongosolo la dothi. Zinyalala zimaunjikana pang'onopang'ono, zakale pansi, zatsopano pamwamba. Wofukula amasenda dothi pang'onopang'ono, kulemba kuya kwa chilichonse, kujambula, kusefa. Makala opezeka pambali pa mkanda amapimidwa n'kudziwika zaka zake, ndipo zaka za makalawo zimauza zaka za mkandawo. Ndi njira imeneyi imene inasonyeza kuti pa Mankhamba anthu analipo kale m'zaka za m'ma 1400, ndipo malonda awo ankafika kutali Azungu asanayambe kulemba za dziko lino. Munthu akanabwera usiku ndi fosholo n'kutolamo mikanda yokhayokha, akanapeza ndalama yogulira sopo, ife tonse tikanataya umboni umenewu kwamuyaya. Mkanda wochotsedwa pamalo pake uli ngati mwana wotayika pamsika amene sadziwa dzina la mudzi wa kwawo: mukumuona, ali bwinobwino, koma sangakuuzeni komwe wachokera.

Ku Karonga kuli chitsanzo china. M'chaka cha 1991, pa Uraha, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wamakedzana wa mtundu wa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Amene anaiona ndi Mmalawi wa m'gululo, Tyson Msiska. Dzino lina linali lobenthuka, ndipo chifukwa malo enieni anali olembedwa bwino, gululo linabwereranso, n'kusefa dothi la pamalopo mpaka kachidutswa kosowako kanapezeka. Nsagwada imeneyo ikanayamba yayenda m'thumba la munthu kuchoka pa Uraha kupita kumsika, palibe akanadziwa pokasefa.

Pa phiri la Hora ku Mzimba nkhani yake ndi ya mafupa a anthu. J. Desmond Clark anafukula mafupa kumeneko m'chaka cha 1950, ndipo anasungidwa zaka zambirimbiri. Mu 2017 akatswiri anatulutsa zotsatira za DNA yotengedwa m'mafupa a ku Hora, a zaka pafupifupi 8,100, ndipo mu 2022 anatulutsanso za tiana tina tofukulidwa pa phiri lomwelo, ta zaka zoposa 14,000. Anthu amenewa anali alenje ndi otola zam'tchire, ndipo magazi awo sakuonekanso kwenikweni mwa Amalawi a lero. Aliyense amene anamvapo nkhani za Akafula kwa agogo ake angaone kuti apa sayansi ikuyenda moyandikana ndi nthano za kumudzi. Koma DNA yakale ndi yosachedwa kuwonongeka. Kugwiragwira fupa ndi manja, kulitsuka ndi madzi kapena kuliyanika padzuwa kungaphe umboni umene unapirira m'nthaka zaka zikwi zonsezo.

Mukapeza kanthu

Choyamba ndi kuleka kukumba, ndipo ichi ndicho chovuta kuposa zonse, chifukwa mtima umafunitsitsa kuona chimene chili m'kati. Musazule mbiyayo, musakhuthule dothi lake, musaitsuke. Ngati muli ndi foni, jambulani chinthucho chili pomwepo, mutaika khasu kapena bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kuoneke, ndipo mujambulenso malo onse ndi mtengo kapena chulu chimene chili pafupi. Phimbani ndi pulasitiki kapena udzu, thirani dothi pang'ono pamwamba kuti mvula, mbuzi ndi ana zisafikepo. Zimene zatuluka kale ndi khasu muziike pamodzi, pamthunzi, osazisakaniza ndi za pamalo ena.

Kenako uzani a nyakwawa, ndipo nkhaniyo ifike kwa DC. Lamulo likutchula Nduna, koma palibe amene akuyembekezera kuti mlimi wa ku Nthalire kapena ku Makhanga akwere basi kukagogoda ku Capital Hill. Ofesi ya DC ndiyo khomo la boma limene lili pafupi, ndipo nyumba zosungiramo zakale za ku Chichiri, Mzuzu, Mangochi ndi Karonga zimadziwa kofikitsa uthenga wotere. Chimene ndingalimbikitse n'chakuti nkhaniyo ilembedwe, isangothera pakamwa. Kalata yaifupi ndi yokwanira: dzina lanu, mudzi, gulupu, T/A, tsiku, chimene mwapeza ndi m'mene mwachipezera. Ilembedwe kawiri, ina adinde n'kukubwezerani. Wina aliyense akabwera kudzatenga zinthuzo, asonyeze chiphaso cha ntchito, ndipo akusiyireni pepala lotchula chilichonse chimene watenga, a mfumu ali pomwepo. Pepala limenelo ndilo lidzakuyankhireni tsiku limene wina adzanene kuti munabisako zina.

Za Facebook ndi WhatsApp, dikirani kaye. Chithunzi chikayenda pamodzi ndi dzina la mudzi, oyamba kufika sakhala a boma.

Mafupa a munthu ali ndi njira yawoyawo. Inu simungadziwe ngati ndi a zaka 900 kapena a munthu amene anasowa zaka zisanu zapitazo, choncho apolisi adziwitsidwe tsiku lomwelo pamodzi ndi mfumu. Musatengere kunyumba ngakhale kafupa kamodzi. Malamulo a milandu amaletsa kusokoneza manda, ndipo mu 2016, pa nthawi imene dziko linali pa chisoni ndi kuphedwa kwa anthu achialubino komanso kufukulidwa kwa manda awo, Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango za wopezeka ndi ziwalo kapena mafupa a munthu. Kunena kuti ndinangotola m'munda sikungakupulumutseni msanga, ndipo mudzi ukamva za mafupa m'nyumba ya munthu suyembekezera khoti. Minyanga ya njovu nayonso ndi yoopsa kuisunga. Kaya ndi yakale motani, ikapezeka m'manja mwanu popanda chilolezo, lamulo loteteza nyama zakutchire limakugwirani, ndipo chisinthireni mu 2017 chilango chake chimatha kufika zaka 30 m'ndende.

Makampani ndi zitukuko

Mlimi mmodzi ndi khasu lake angawononge mbiya imodzi. Katapila amatha kufafaniza mudzi wonse wa zaka 1,500 dzuwa lisanafike pamutu. N'chifukwa chake ndime 29 ya lamulo loteteza zakale lija ndi yofunika kuti anthu okhala pafupi ndi zitukuko aidziwe. Imanena kuti amene akutsogolera ntchito yomanga, yokumba kapena yofufuza miyala adziwitse Nduna mapulani akadali koyambirira, kuti ngati n'kofunika akatswiri akafukule ndi kupulumutsa zakale ntchito isanayambe, ndipo ndalama zake zichokere kwa mwini ntchitoyo. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 limafunanso kuti zitukuko zikuluzikulu ziunikidwe kaye, ndipo kauniuni ameneyo amakhudza manda, akachisi ndi malo akale. Ntchito zambiri zothandizidwa ndi mabanki akunja zimakhala ndi ndondomeko yolembedwa ya zoyenera kuchita akapeza chinthu mwadzidzidzi: makina aime, malo atchingidwe, a boma aitanidwe.

Papepala zonse zili bwino. Pamalo a ntchito, tsiku lililonse limene makina aima ndi ndalama yotayika, ndipo folomani amene akuthamangitsidwa ndi nthawi amatha kuyang'ana kumbali. Apa mpomwe anthu a m'deralo ali ndi mphamvu imene saigwiritsa ntchito. Pa msonkhano wofotokozera chitukuko, mafunso asathere pa chipepeso cha mitengo ya mango ndi ganyu wa achinyamata. Funsani ngati a nthambi yoona zakale anayendera malowo. Tchulani mabwinja, manda osiyidwa ndi mitengo ya nsembe imene akuluakulu akuidziwa, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa m'lipoti. Manda akafunika kusamutsidwa, abale ndi mafumu afunsidwe, a boma akhalepo, miyambo itsatidwe, ndipo mtengo wake ulipiridwe ndi mwini chitukuko. Wogwira ganyu amene waona mapale ndi mafupa akutuluka m'ngalande sakulakwira aliyense akakauza mfumu kapena a khonsolo.

Osaka chuma

Masiku ano chidwi cha zakale chakula, ndipo mbali ina n'chosangalatsa. Ana a sukulu amapita ku Karonga kukaona chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu cha khosi lalitali chimene mafupa ake anapezeka ku Mwakasyunguti, ndipo amabwerako ndi mafunso amene aphunzitsi amachita nawo thukuta. Miyambo ya pachaka monga Kulamba, Umthetho ndi Mulhako yachititsa achinyamata kufunsa komwe makolo awo anachokera. Mbali ina ya chidwichi ndi ya ndalama. Pa foni pamayenda mavidiyo a anthu a ku Ulaya akuyenda m'minda ndi makina olira akamva chitsulo, n'kufukula golide. Nkhani yotchuka ndi ya ku Staffordshire ku England, komwe mu 2009 munthu wina anapeza zidutswa zambirimbiri za golide ndi siliva za zaka pafupifupi 1,300. Mtengo wake unaposa mapaundi 3 miliyoni, ndipo wopezayo anagawana ndi mwini munda. Chimene mavidiyo satchula n'chakuti kumeneko kuli lamulo lawo la 1996, lokakamiza wopeza chuma kukanena pasanathe masiku 14, ndipo golideyo sanapite kumsika, anagulidwa ndi nyumba zosungiramo zakale za ku Birmingham ndi Stoke-on-Trent. Limenelo ndi lamulo la ku England. Kuno, kutenga makina otero n'kupita nawo pa bwinja popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale a mfumu atavomera, ngakhale mundawo uli wa amalume anu.

Palinso mphekesera zimene sizikalamba: zoti Ajeremani kapena amishoni anakwirira mabokosi a ndalama, zoti pansi pa zipilala za oyeza malo pali mankhwala odula, zoti kuli bwana wina wa kunja amene akugula ndalama zakale ndi masimbi amakala pa mtengo wogulira galimoto. Amene amapindula ndi nkhani zoterezi ndi wogulitsa makina, sing'anga wolozera malo, ndi mkhalapakati amene amafuna ya mayendedwe kaye. Wokumbayo amatsala ndi matuza, dzenje ndi mlandu. Zoterezi zinachitikapo pa mlingo waukulu ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1890, pomwe kampani ya atsamunda inaloledwa kukumba mabwinja amiyala kufunafuna golide. Zokongoletsera zambiri zinasungunulidwa, madothi anasakanizidwa, ndipo akatswiri a lero amangodandaula poganiza zimene zinatayika m'zaka zochepa zimenezo.

Kutulutsa chinthu chakale kunja kwa dziko kumafunanso chilolezo, kaya ndinu mlendo wokaona malo, wamalonda, kapena Mmalawi wopita kwa mwana wake ku Johannesburg ndi mphatso m'chikwama. Ziboliboli zatsopano za pa msika sizili m'gulu limeneli. Chovuta ndi chigoba chakale cha gule, mpando waufumu, ng'oma ya pa kachisi kapena mkondo wofukulidwa. Chinthu chikawoloka malire, kuchibweza ndi nkhani ya mibadwo. Chigaza cha ku Kabwe chija chili ku Natural History Museum mu mzinda wa London, ndipo boma la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka makumi angapo, nkhani n'kumakambidwa mpaka ku UNESCO, koma sichinabwerebe.

Mbali yanu

Lamulo likamakuuzani zoti musachite, ndi bwino kudziwanso zimene boma silingakuchiteni. Mantha aakulu amene amatseka anthu pakamwa ndi oti akanena, munda upita. Kawirikawiri sizitero. Akatswiri amabwera, kuyeza, kukumba maenje ochepa, kutenga zofunika, kukwirira, ndipo mwini munda amapitiriza kulima. Malo ochepa okha ndiwo amalengezedwa kuti ndi otetezedwa. Zikafika poti boma likufuna malowo, Malamulo Aakulu a dziko amakutetezani. Ndime 28 imati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Ndime 44 imati boma lingatenge malo pokhapokha ngati ndi zothandiza anthu onse, litakudziwitsani mokwanira ndi kupereka chipepeso choyenera, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Ndime 43 imakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa, zolembedwa, pa chiganizo chilichonse cha boma chokhudza ufulu wanu. Mbewu zikawonongeka pofukula, nkhani ya chipepeso ikambidwe ntchito isanayambe, osati atapakira katundu m'galimoto. Ofesi ikakunyalanyazani, kuli Ombudsman, ndipo kwa amene sangathe kulipira loya kuli Legal Aid Bureau.

Muli ndi ufulu wodziwa kumene zinthuzo zapita. Ndime 37 ya Malamulo Aakulu imanena za ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mudzi ungalembe kalata kufunsa kuti zimene zinatengedwa zija zasungidwa kuti, zinapimidwa kapena ayi, ndipo anapeza zotani. Alendo ofufuza akafika, kaya ndi Azungu kaya ndi a ku yunivesite zathu zomwezi, kuwafunsa chilolezo chawo si mwano. Wofufuza weniweni amakhala nacho, amayenda ndi wa ku nthambi yoona zakale, amayamba waonekera kwa DC ndi kwa mfumu, ndipo sakwiya mukamufunsa. Mufunseninso ngati adzabwere kudzafotokoza zotsatira m'chilankhulo chimene anthu akumva. Pamenepa ofufuza ambiri akhala akulakwitsa kuyambira kale: anthu a m'mudzi amakumba, amasefa, amaphika, amalondera, kenako nkhani yonse imakatuluka m'magazini a Chingerezi amene mudziwo sudzawaona. Nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, inasonyeza kuti zingatheke kuti zopezeka m'dera zifotokozedwe m'dera momwemo.

Ndime 26 ya Malamulo Aakulu imapatsa aliyense ufulu wotenga mbali pa chikhalidwe chimene wasankha, ndipo izi zimakhudza malo amene akugwirabe ntchito. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ali ndi omusunga ndi malamulo ake olowera. Ku Msinja ndi ku Kaphirintiwa kuli mbiri ya Makewana ndi nsembe za mvula. Malo otere si mabwinja, ndipo chilolezo chochokera ku Lilongwe pachokha sichikwanira kuti mlendo alowe ndi kamera paliponse. Eni mwambo ali ndi mawu. Koma ufulu womwewo sukulola munthu wa chipembedzo china kukagwetsa kapena kutentha kachisi chifukwa iye akumuona ngati wachikunja. Kumeneko ndi kuphwanya lamulo loteteza zakale komanso ufulu wa anzake wopembedza.

Ku Chongoni m'boma la Dedza ndi kumene ufulu ndi udindo zimakumana poonekera. Kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, zimatengedwa kuti anajambula ndi Akafula. Zoyera, zooneka ngati nyama zotambasula miyendo, anajambula ndi makolo a Achewa, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali, nyau ndi miyambo ya mvula. Aliyense angapite kukaona pa Chentcherere, Namzeze kapena Mphunzi. Chimene chikuwononga malowa si akuba ochokera kutali ayi. Ndi mwana wa sukulu wolemba dzina lake ndi la bwenzi lake ndi makala pamwamba pa chojambula, abusa a ng'ombe osonkha moto m'phanga nthawi ya chisanu, gulu lokapemphera kuphiri lolemba vesi ndi penti, mlendo wothira madzi pamwala kuti chithunzi chiwale, ndi otentha makala amene akudula mitengo yotchinga miyalayo ku dzuwa ndi mvula. Palibe mwa iwo amene amadziona ngati wophwanya lamulo, komabe onsewo lamulo likuwakhudza. Mphunzitsi amene watenga ana kukaona malowa ali ndi udindo woposa wa mlonda, popeza mlonda sangakhale pa malo 127 nthawi imodzi.

Lamulo loteteza zakaleli lili ndi zofooka zake, ndipo kuzibisa sikuthandiza. Linalembedwa nthawi ya chipani chimodzi, makhonsolo asanapatsidwe mphamvu zimene ali nazo lero, choncho pafupifupi chilichonse limachikankhira kwa Nduna. Mafumu ndi anthu a m'midzi, amene ndiwo amakhala ndi malowa usana ndi usiku, sapatsidwa gawo lomveka. Chindapusa chimene chinali choopsa pa nthawiyo chinadyedwa ndi kugwa kwa kwacha. Akatswiri ofukula zakale m'boma ndi owerengeka, ndipo kuti mmodzi afike ku mudzi wakutali pamafunika galimoto ndi mafuta zimene sizipezeka nthawi zonse. Munthu amene waimitsa dzenje la chimbudzi mwezi wathunthu podikira a boma ali ndi chifukwa chokwiyira. Kwa ine, lamulo lokonzedwanso liyenera kunena masiku amene boma liyenera kuyankha, kulola kuti kunena kwa mfumu kapena kwa DC kukhale kokwanira, ndi kuonetsetsa kuti dzina la wopeza chinthu likulembedwa pambali pake m'nyumba yosungiramo zakale. Izi ndi nkhani zoyenera kufunsa phungu wa dera lanu. Podikira zimenezo, mukalemba kalata n'kupanda kuyankhidwa, lembaninso, mutchule tsiku la kalata yoyamba, ndipo ngati ntchito yanu singadikire, pemphani kuti akuuzeni polemba zoyenera kuchita. Kusuntha dzenje mamita angapo kumakhala kotchipa kusiyana ndi mlandu.

Nanga za m'nyumba, monga mkondo wa agogo, mphande ya ambuye aakazi, Baibulo loyamba la m'banja, kapena makalata a amene anapita ku Joni ndi ku Wenela? Lamulo limasiyanitsa zofukulidwa m'nthaka ndi zimene banja lakhala likusunga mwa mibadwo, ndipo limapereka mpata woti mwini alembetse chinthu chake. Palibe amene adzabwere kudzakulandani mphande chifukwa choti mwaitchula. Malire ali pa kuigulitsa kwa ochita malonda a zakale kapena kuitulutsa kunja, pomwe chilolezo chimafunika. Kulembetsa kumathandizanso ikabedwa, popeza pamakhala chithunzi ndi umboni woti ndi yanu. Ndipo agogo amene akudziwa kuti mkondowo unali wa yani, anausula ndani, unachoka nawo kuti, afunsidwe tsopano, mayankho awo alembedwe m'kope limene lizisungidwa pamodzi ndi mkondowo. Makalata ndi zithunzi zakale zimene banja likuopa kuti chiswe chidya, a National Archives ku Zomba angakulangizeni kasungidwe kake.